Mphoto ya Jeff ilibe ndalama, nanga mnyamatayu akusangalalira chiyani?

Funso: "Mwana wa mlongo wanga ali ku Chicago, ku America. Masana amagwira ntchito m'lesitilanti, usiku amakonza za magetsi pa kanyumba kena ka zisudzo. Sabata yatha watumiza uthenga pa gulu la WhatsApp la pabanja pathu kuti dzina lake latuluka pa mndandanda wa opikisana pa mphoto yotchedwa Jeff Awards. Nditamufunsa kuti akapambana alandira zingati, wati palibe ndalama, ndi chikumbutso chabe. Tsono ine ndadabwa. Mphoto yake iti yopanda ndalama? Amapereka ndani, ndipo amasankha bwanji? Kodi mnyamatayu sakungotaya nthawi?" Malume wodabwa, Chilomoni.

Yankho:

Bambo, mnyamatayo sanakunamizeni. Jeff ilibe cheke. Wopambana amaitanidwa kutsogolo, anzake n'kumuwombera m'manja, iye n'kulandira chikumbutso chokaika pa shelefu, mawa lake n'kubwerera kukanyamula mbale ku lesitilanti kuja. Mukati muyeze mphotoyi ndi zochitika za usiku wa mwambo wokhawo, mudzati ndi phwando la anthu odziwana, ndipo simudzalakwa kwenikweni. Koma ntchito yake yeniyeni imagwirika miyezi yonse ya m'mbuyo, pamene anthu ena amasiya nyumba zawo zofunda, nthawi zina chipale chofewa chili mbuu m'misewu, n'kupita kukakhala pa kampando kolimba kukaonera sewero limene anthu ambiri a mumzindamo sanalimvepo n'komwe. Dzina la mwana wa mlongo wanu latuluka chifukwa anthu amenewo anafika pamene iye amagwira ntchito, anaona ndi maso awo, ndipo miyezi itadutsa ankakumbukirabe mmene anaunikira seweroli.

Tiyambe ndi mzindawo, chifukwa mphotoyi singamveke popanda iwo. Tikamva za zisudzo za ku America, ambiri timaganiza za Broadway ku New York ndi mphoto yake ya Tony, imene inayamba mu 1947. Chicago ili ndi chikhalidwe chake. Kuli nyumba za zisudzo zoposa 200. Zina ndi zikuluzikulu, monga Goodman Theatre yomwe inatsegulidwa mu 1925, koma zambiri ndi timanyumba ting'onoting'ono timene eni ake amatitcha storefront, kutanthauza sitolo ya m'mbali mwa msewu. Ndipo ndi masitolodi. Gulu limapeza chipinda chimene kale munali golosale kapena mochapira zovala, n'kuchita lendi, n'kupenta makoma onse utoto wakuda, n'kuikamo mipando 40 kapena 60. Woonera wa mzere woyamba akatambasula mwendo akhoza kupunthwitsa wochita sewero. Sitima zoyenda pamwamba pa misewu, zimene kumeneko amazitcha L, zikamadutsa pafupi, ochita sewero amakweza mawu pang'ono mpaka phokosolo lithe. Mmene mwafotokozera, mwana wa mlongo wanu ali m'kanyumba kotere.

Musamapeputse timanyumbati. Gulu la Steppenwolf, limene lero ndi limodzi mwa magulu otchuka kwambiri a zisudzo ku America, linayambitsidwa mu 1974 ndi anyamata atatu, Gary Sinise, Terry Kinney ndi Jeff Perry, ndipo zaka zake zoyambirira linkachitira masewero m'chipinda chapansi cha sukulu ya Katolika ku Highland Park, kunja kwa mzindawo. Akatswiri otchuka a zisudzo ndi mafilimu John Malkovich ndi Laurie Metcalf anakulitsira luso lawo m'chipinda chomwecho. Mu 2007 gululi linaonetsa koyamba sewero la Tracy Letts lotchedwa August: Osage County, limene linapita ku New York n'kukalandira mphoto zikuluzikulu za Tony ndi Pulitzer mu 2008. Aliyense wa ku storefront amaidziwa mbiri imeneyi, ndipo ena amaikhulupirira mopitirira muyeso, ngati kuti chipinda chilichonse chakuda chidzabala Malkovich wake. Sizitero ayi. Koma ikusonyeza kuti ku Chicago msewu wochoka pansi kupita pamwamba ulipo, ndipo Jeff ndi chimodzi mwa zikwangwani za pamsewu umenewo.

Dzina lonse la mphotoyi ndi Joseph Jefferson Awards, ndipo inakhazikitsidwa mu 1968. Joseph Jefferson anali katswiri wa zisudzo amene anabadwa mu 1829 n'kumwalira mu 1905. Anatchuka ndi gawo limodzi, la Rip Van Winkle, limene analichita kwa zaka zambirimbiri, ndipo ali mwana anafikako ku Chicago ndi gulu la makolo ake, mzindawo ukadali kamudzi ka matope. Sanali mbadwa ya kumeneko, koma dzina lake linakhala, ndipo lero aliyense amangoti Jeff.

Oyendetsa ndi komiti ya anthu ongodzipereka, osalipidwa, okwana pafupifupi 55. Muli aphunzitsi a zisudzo, anthu amene anachitapo zisudzo kale, olemba, ndi ena ongokonda kuonera amene akhala akutero kwa zaka zochuluka. Mphotozo zili m'nthambi ziwiri, ndipo apa mpofunika kumvetsa kuti mudziwe pamene mnyamata wanu waima. Ku America kuli bungwe lomenyera ufulu wa ochita zisudzo lotchedwa Actors' Equity Association, la mu 1913. Nyumba ya zisudzo imene yasainirana pangano ndi bungweli imayenera kulipira malipiro ovomerezeka ndi kutsatira malamulo a maola ogwirira ntchito. Masewero a nyumba zotere amapikisana ku nthambi ya Equity. Nyumba zopanda panganolo, zimene kawirikawiri zimangopereka kangachepe ka thiransipoti, zili ndi nthambi yawo ya Non-Equity, imene inawonjezedwa mu 1973. Nthambi iliyonse ili ndi mwambo wake pachaka. Ku Equity agawanso nyumba zikuluzikulu ndi zapakati, kuti gulu la ndalama zochepa lisamalimbane ndi Goodman pa zovala ndi zomangamanga za pasiteji. Mzinda wa Washington unachitanso zofanana ndi mphoto yake ya Helen Hayes, kugawa masewero m'magulu awiri potengera kuchuluka kwa mamembala a Equity m'seweromo. Onse anaona vuto limodzi: mukaika njinga ndi lole pa mpikisano umodzi, chaka chilichonse mudzapatsa chikho lole.

Tsopano mmene amasankhira, ndipo apa ndipo pali mtima wa nkhani yonse. Gulu la zisudzo likakonza sewero loti lichitika maulendo okwanira malinga ndi malamulo a komiti, limapempha kuti oweruza abwere. Komiti imatumiza kagulu kochepa pa masiku otsegulira. Aliyense amaonera, n'kuponya voti payekha, osakhala pansi kukambirana kuti tigwirizane chiyani. Ngati okwanira mwa iwo aona kuti m'seweromo muli chinthu chapamwamba, ngakhale chimodzi, kaya ndi wochita mmodzi, kaya ndi nyimbo, kaya ndi magetsi, sewerolo limalengezedwa kuti ndi Jeff Recommended, kutanthauza kuti komiti ikulimbikitsa anthu kukalionera. Zikatero mamembala ena onse a komiti amayamba kupita kukalionera pa masiku otsatira, ndipo chaka chikatha ndi masewero okhawa amene amalowa m'mavoti osankha opikisana ndi opambana.

Taonani nthawi imene chilengezo chimenechi chimatuluka. Chimatuluka sewero likadali pasiteji, kukadali masabata angapo oti matikiti agulitsidwe. Gulu limathamangira kukamata mawu awiriwo pa chikwangwani cha pakhomo ndi pa tsamba lawo la pa intaneti. Munthu amene ali ndi ndalama ya tikiti imodzi yokha Loweruka, ndipo mumzindamo muli masewero makumi angapo usiku womwewo, amayang'ana mawu amenewo posankha kopita. Kwa kanyumba ka mipando 50, anthu 10 owonjezera usiku uliwonse ndiwo lendi ya mwezi. Mwambo wopereka mphoto umabwera sewero litatsekedwa kalekale, matabwa ake atagumulidwa n'kumangira sewero lina, ndiye sungagulitse tikiti ngakhale imodzi ya seweroli. N'chifukwa chake ine ndimati pa zonse zimene Jeff imachita, chanzeru kwambiri ndi Recommended, ndipo mzinda uliwonse wofuna kutengera mphotoyi n'kungotengera mwambo wa madiresi ndi masuti watenga chikopa n'kusiya nyama.

Nanga kwa munthu wa magetsi zikutanthauza chiyani? Ntchito yake ndi yobisika kuposa ya wina aliyense. Wochita sewero amaoneka, amawerama pamapeto, anthu amamudziwa nkhope. Wa magetsi akagwira bwino ntchito yake, woonera sazindikira kuti pali munthu amene waigwira. Tiyerekeze kuti seweroli likufuna kuti kuche m'chipinda cha mayi wodwala. M'nyumba yaikulu muli nyali mazana, wokonza amangosankha. M'kasitolo muli nyali mwina 20, zina zobwereka, denga lili pafupi moti nyali imawotcha mutu wa wochita sewero wamtali. Mnyamata wanu amakwera makwerero pakati pa usiku, atachoka ku lesitilanti, n'kuika kapulasitiki kofiirira pa nyali imodzi, n'kuipendeketsa kuti kuwala kulowere pa zenera labodza, kenako n'kukonza pa kompyuta kuti kuwalako kukule pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu, mochedwa moti diso silikuona kusinthako, koma mtima wa woonera ukumva kuti usiku watha ndipo mayiyo wafika m'mawa ali moyo. Mlembi wa nyuzipepala akabwera, ngati wabwera n'komwe, amalemba za mayiyo. Oweruza a Jeff ali ndi gawo lapadera la magetsi pa pepala lawo, choncho amakakamizika kuyang'ana m'mwamba.

Dzina lake likatuluka pa mndandanda, otsogolera masewero a mumzinda wonse amaliwerenga. Anthu a ntchito ngati yake salembedwa ntchito yokhazikika, amayenda sewero ndi sewero ngati waganyu, ndipo amene amamuitana ndi wotsogolera amene wamva za iye. Mawu akuti anapikisanapo pa Jeff adzakhala pa CV yake ndi m'kabuku ka sewero lililonse limene adzagwireko mpaka adzakalambe. Ndiyo ndalama yake ya mphotoyi, ngati idzabwere: foni yochoka ku nyumba yokulirapo, imene imalipira.

Ndinaweruzapo mpikisano wa zisudzo za ana asukulu kuno kwathu. Tinakhala atatu patebulo kuyambira m'mawa, masewero akubwera motsatizana, lililonse ndi mphindi zake zowerengeka. Pofika lachisanu ndi chimodzi mitu inali italemera, mnzanga wina akusinza, ndipo pa lachisanu ndi chiwiri magetsi anazima, ana aja n'kumaliza sewero lawo mumdima akufuula. Tinapereka chikho madzulo omwewo. Sindikunyoza mipikisano yotere. Mpikisano wa zisudzo za kusukulu wa ATEM waphula akatswiri ambiri m'dziko muno, ndipo Du Chisiza Jr. mwiniwakeyo anayamba kudziwika kudzera m'zisudzo za kusukulu. Koma kumeneko magulu ndi amene amapita kwa oweruza, tsiku limodzi, pa siteji yachilendo. Ku Jeff oweruza ndi amene amapita kwa magulu, chaka chonse, n'kuona sewero m'nyumba yake, pakati pa anthu amene alipira tikiti. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo mphoto zambiri za zaluso zimene zimasankhidwa ndi mavoti a pa foni zimakhala za kandimverere: amapambana amene ali ndi abale ambiri okhala ndi mayunitsi. Ubwino wa Jeff ndi wakuti amene amavota anakhalapo pampando.

Koma ndisakukometsereni mopitirira. Anthu a zisudzo a ku Chicago amaidandaula Jeff chaka ndi chaka, ndipo zina mwa zodandaulazo ndi zoona. Ganizani nokha: ndani angakwanitse kuonera masewero usiku ndi usiku, osalipidwa, akudzilipirira mayendedwe? Kawirikawiri ndi munthu wachikulire, wopuma pantchito, wopeza bwino. Kwa nthawi yaitali komitiyi yakhala ikudzudzulidwa kuti muli azungu achikulire ambiri, mu mzinda umene anthu akuda ndi ochokera ku Latin America ali ochuluka zedi. Oweruza otere, ngakhale atakhala a mtima wabwino, amakonda zimene anazolowera, ndipo sewero lolankhula chinenero cha achinyamata a kumwera kwa mzindawo likhoza kuwadutsa osalimva. Komiti yayesa kusintha zina. Mu 2018 inachotsa kusiyanitsa amuna ndi akazi pa mphoto za ochita sewero, onse n'kumapikisana m'gulu limodzi, ndipo si zachilendo kuti pa gawo limodzi apambane anthu awiri. Koma funso lakuti akuweruza ndani silinathe.

Pali china chowawa kuposa pamenepa. Woweruza amaona za pasiteji zokha. Mu June 2016 nyuzipepala ya Chicago Reader inatulutsa nkhani yaitali yokhudza Profiles Theatre, kanyumba ka storefront kotchuka ndi masewero a nkhanza ooneka ngati zenizeni, kamene kanali katalandirapo ma Jeff angapo. Anthu amene anagwirapo ntchito kumeneko, makamaka amayi, anauza nyuzipepalayo kuti ankazunzidwa, ndi kuti kumenya kwina kumene oonera ankakuyamikira kuti kukuoneka ngati kwenikweni kunali kwenikwenidi. Nyumbayo inatsekedwa pasanathe sabata. Anthu anafunsa, ndipo anafunsa bwino, kuti mphoto zimene zinaperekedwa kumeneko zinkayamikira chiyani. Amene anakonza zinthu anali ochita zisudzo eni ake, kudzera m'gulu lotchedwa Not in Our House, limene linalemba malamulo otetezera ogwira ntchito m'nyumba zopanda pangano la Equity. Choncho musaganize kuti nyumba yolandira mphoto ndiye kuti ndi malo abwino kugwirako ntchito. Mukamacheza ndi mnyamata wanu, mufunseninso mmene amamusungira kumeneko.

Ndipo mphoto yotere imakhala ndi moyo pokhapokha eni zisudzo akuilemekeza. Ku Los Angeles kunali Ovation Awards. Pa mwambo wa mu March 2021, okonza anatchula molakwika dzina la Jully Lee, mayi wochita zisudzo wa mtundu wa ku Asia amene ankapikisana nawo, ndipo pa sikirini anaonetsa chithunzi cha mayi wina. Gulu la East West Players linatuluka m'bungwe loyendetsa mphotoyo, magulu ena ambiri n'kulitsatira, ndipo pasanathe sabata bungwelo, LA Stage Alliance, linalengeza kuti latseka. Madandaulo analipo kale, chithunzicho chinangomaliza. Jeff yadutsa zaka 50 ikudzudzulidwa koma magulu akupemphabe oweruza kuti abwere, ndipo chimenecho ndicho chikuisunga.

Pa za ndalama, funso lanu si lopusa. Mizinda ina imapereka. Ku Cape Town, kumene abale athu ambiri ali, kuli Fleur du Cap Theatre Awards, imene inayamba mu 1965 ndi dzina la Three Leaf Arts Awards, ndipo opambana amalandira mendulo ndi ndalama. Zimatheka chifukwa kumbuyo kwake kwakhala kuli makampani, poyamba a fodya, kenako a vinyo, ndipo dzina lenilenilo la Fleur du Cap mulipezanso pa botolo. Ine ndikanakonda wa magetsi wa m'kasitolo akanamalandira kenakake m'thumba. Koma ndaonanso mphoto zodalira kampani imodzi zikufa chaka chimene bwana wa zamalonda wasinthidwa. Mphoto yodalira anthu ongodzipereka ndi yosauka, koma siifa msanga.

Chinanso chimene anthu sachiwerengera ndi kaundula. Filimu imakhala, nyimbo imakhala, sewero likatsekedwa latha, limatsala m'mitu ya anthu amene analipo. Mndandanda wa Jeff, chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 50, ndi umboni wolembedwa wakuti sewero lakuti linachitika m'nyumba yakuti, wotsogolera anali uje, zovala anasoka uje, magetsi anakonza uje. Inu a ku Chilomoni mwina munaonerako Wakhumbata kapena Kwathu pa French Cultural Centre Lamulungu masana, holo itadzaza mpaka ena kuima. Mayina a Du Chisiza ndi Gertrude Kamkwatira tikuwakumbuka. Tandiuzani amene ankakonza zovala zawo kapena kuyendetsa zokuzira mawu. Anthuwo analipo, ankagwira ntchito yotamandika, koma panalibe amene ntchito yake inali kulemba mayina awo chaka chilichonse. Kunena zoona, dongosolo la Chicago silingangosamutsidwa kubwera ku Blantyre mmene lilili, chifukwa kuno sewero limachitika tsiku limodzi kapena awiri n'kunyamuka kupita ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndiye Recommended ikanatuluka holo itatsekedwa kale. Ikanathandiza mwina ku mzinda wotsatirawo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kodi akutaya nthawi? Ngati funso lanu ndi lakuti Jeff imuchotsa ku lesitilanti chaka chino, yankho ndi ayi. Ku Chicago kuli anthu amene ali ndi ma Jeff awiri kapena atatu pa shelefu koma akuperekerabe zakudya, akuphunzitsa ana, akuyendetsa galimoto za hayala, ndipo ena amafika potopa n'kusiya. Mwa anthu a zisudzo, a magetsi ali ndi mwayi pang'ono kuposa ochita sewero, chifukwa luso lawo limafunikanso ku makonsati, ku misonkhano ya makampani ndi ku nyumba za mapemphero, kumene kuli ndalama zenizeni. Ngati ali ndi nzeru, adzagwiritsa ntchito dzina limene akupanga ku kasitoloko kuti alowe m'malo amenewo, zisudzo n'kumachitabe.

Mukamuimbira, mufunseni kuti ndi sewero lanji, linali la chiyani, anali ndi nyali zingati, ndipo ndi mphindi iti m'seweromo imene iye amainyadira. Mumupemphe atumize chithunzi cha pasiteji ndi tsamba la kabuku kamene pali dzina lake. Ayankhula nthawi yaitali, choncho muimbe bandulo ili yokwanira. Za masuti musadandaule, ku mwambo wa Non-Equity anthu amavala zimene ali nazo, ndipo ambiri mwa iwo amakhala atapempha mnzawo kuti awagwirire shifiti ya usiku umenewo.